Juzi ya Manja a Eni

Ulusi unandithera nditangomaliza khosi. Kutsogolo kwa juzi kunali kutatha, kumbuyo kutatha, konse kwabuluu wokongola, koma manja kunalibe. Ndipo munthu amene ndinkamulukirayo, Vitus, mphunzitsi wa kufupi ndi Kachebere, Mulungu anamupatsa mikono yoti akhoza kuthyola papaya ataima pansi.

Ndinali nditamuyeza mwakuba. Mtsikana woleredwa bwino sakanagwira mkono wa mwamuna wosamukwatira n'kumauyeza, ndiye tsiku lina atakoleka jekete lake lopyapyala lija panjinga n'kupita kukapempha madzi akumwa, ndinayendetsa chikhatho changa kuchokera paphewa mpaka kumapeto. Zinakwana zikhatho zitatu ndi zala zinayi. Ndinamulonjeza kuti chisanu cha Juni wa 1978 sichimupeza ndi jekete lokha, komanso kuti atsibweni ake akadzafika kuchokera ku Kasungu kudzandifunsira, adzamupeza atavala za manja anga.

Loweruka ndinalawirira wapansi kuchoka kwathu ku Guilleme mpaka ku boma. Ndinaonetsa khadi lachipani pakhomo la msika, n'kulunjika kusitolo ya a Abbasi, komwe akazi awo, a Zubeda, ankagulitsa ulusi.

"Wabuluu uja watha, achemwali," anatero a Zubeda ndisanakhale n'komwe pansi.

"Ubwera liti?"

"Lole ya ku Limbe mwina mu Ogasiti. Ulipo wachikasu uwu."

"Mwamuna angavale zachikasu?"

"Oho! Paja munati mukulukira atsibweni anu?"

"Nanga atsibweni si mwamuna?"

"Ndi mwamuna, eya," iwo anatero akuseka, "koma si mwamuna wochititsa mtsikana kuyang'ana pansi chonchi."

Ndinabwerera chimanjamanja. Njira yonse maganizo anga anali pansi pa bokosi langa la zovala, pamalo pamene ndinali nditatha miyezi ndikupewa kufikitsapo dzanja.

*

M'bokosimo munali juzi ya Mackson.

Mackson anali wa mudzi woyandikana ndi wathu, ankagwira ntchito pa malole odutsa malire kupita ku Chipata mpaka ku Kitwe. Mu 1975 anandifunsira, ine ndinavomera, ndipo anavula juzi yake n'kundipatsa kuti ikhale chikole. Amayi anaiona, atsibweni anga a Jonasi anauzidwa. Kenako munthu uja anakwera lole. Chaka choyamba analemba makalata awiri, kuchokera pamenepo kunali zii. Ena ankati ali ndi mkazi ku Kitwe, ena ankati akazi awiri.

Chikole si mphatso. Ukachilandira ndiye kuti wavomera, ndipo ukasintha maganizo umachibweza monga chinabwerera. Atsibweni anandiuza kangapo kuti ndikachisiye kwa abale a Mackson. Koma kumeneko kunali mchemwali wake, Consolata, amene tinkaimba naye kwaya imodzi, mtsikana wa pakamwa pakuthwa ngati lezala, yemwenso maso ake anali pa Vitus, nkhani yodziwika kwaya yonse. Ndinkati ndipita mawa, mawalo likafika ndinkati mkuja. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Atsibweni atafunsanso, ndinangoti ndinakachisiya kwa azakhali a Mackson.

Bodza lalikulu ndinalinena mu Epulo. Tikuchokera kokonzekera nyimbo, Vitus anaimitsa njinga n'kundiyang'ana.

"Nambewe," anatero, poti ankanditchula ndi mfunda wanga, "za Mackson ndinamva. Sindikufuna kulowa m'munda wa mwini. Chikole chake chidakali m'nyumba mwanu?"

"Chinabwezedwa kalekale," ndinayankha, osaphethira n'komwe.

Ndiye Lolemba masana, amayi ali kudimba, ndinaitulutsa juzi ija. Inali yofiirira ngati dothi la katondo, ya timadontho takuda, ulusi wa ku Lusaka umene kuno sunkapezeka. Njenjete zinali zitadya kumbuyo konse. Ndinadziuza kuti Mackson sadzabweranso, ndipo ngakhale atabwera, ndani angafunse za chinthu chodyeka ndi njenjete? Ndinadula pakhosi n'kukoka. Juzi imene ndinalephera kuinyamula mtunda wa mphindi makumi awiri kwa zaka zitatu inatha m'manja mwanga dzuwa lisanapendeke.

Ulusi womasula umakhala wopotanapotana. Ndinaukulunga m'miyendo ya mpando, ndinauviika m'madzi ofunda, n'kuuyanika kuseri kwa bafa nditamangirira mwala kunsi kuti uwongoke. Penapake panali kachidutswa kobiriwira, kotalika ngati mkono umodzi, pamene woluka woyambayo analumikiza ulusi utamuperewera. Ndinafuna kukadula, koma wotsala ndi njenjete unali wochepa kale, ndiye ndinati ndidzakabisa kukhwapa.

Masiku asanu ndi atatu ndinaluka ndi masipoko a njinga amene ndinanola pamwala, dzanja limodzi masiku anayi. Tsiku lomaliza ndinakhala pakhonde ndi singano yosokera matumba, ndikulumikiza manja ku thupi, msoko ndi msoko, mosamala kuti paphewa pasatukuke. Amayi anaima pambali panga ndi lichero la mtedza.

"Ulusi wofiirawu wautenga kuti?"

"Kwa a Zubeda."

"Ulusi wa kusitolo suyanikidwa ndi mwala, Zelifa."

Sindinatukule mutu. Iwo anangoti, "Mapanga awiri avumbwitsa," n'kupita kukapeta mtedza wawo kuseri.

*

Lachinayi madzulo ndinakumana ndi Vitus pamphambano ya njira yopita ku Kachebere. Anamasula nsalu imene ndinakulungiramo, anaitambasula juzi ija, n'kumangoitembenuza uku ndi uku mpaka ine ndinayamba kuopa.

"Siinakusangalatseni?"

"Dikirani kaye."

Anavula jekete n'kuivala. Inamukwana ngati ndinachita kumuyeza ndi tepi, manja anafika pamfundo penipeni. Anatambasula mikono uku ndi uku, akuseka ngati mwana wa sukulu.

"Munandiyeza liti?"

"Maso amayeza."

"Nanga mitundu iwiriyi?"

"Ndi mmene akuvalira m'tauni masiku ano."

"Kaya za m'tauni," iye anatero akusisita dzanja lamanzere, "koma manjawa ndiye ofunda kuposa thupi. Ulusi wake ndi wina."

Ndinatsegula pakamwa, ndipo ndikulumbira kuti mawu anali atafika pammero. Koma iye anapitiriza.

"Chimwalirire amayi anga palibe anandisokerapo ngakhale batani, Nambewe. Lamlungu ndivala ku Misa. Aliyense adziwe."

"Mwina muisunge kaye mpaka atsibweni anu afike."

"Ndiibise? Chifukwa chiyani?"

Ndinamuyang'ana akupalasa njinga, manja ofiira aja atagwira chiwongolero, ndipo m'malo mokondwa ndinamva manyazi okhaokha.

*

Lamlungu Misa itatha, a kwaya tinaima panja kuwothera dzuwa. Anyamata anamuzungulira Vitus, wina akugwira khosi, wina akufunsa mtengo. Ine ndinaima chapatali ndi mnzanga Tabeth. Ndipamene ndinamuona Consolata akubwera pang'onopang'ono, buku la nyimbo lili kukhwapa, maso ali pa manja aja.

"Aphunzitsi, lero ndiye mwatchena!"

"Zikomo, a Consolata."

"Waluka ndani?"

"A Nambewe," Vitus anayankha mokweza, monyadira.

"Luso ali nalo mnzathuyu." Anagwira dzanja la juzi n'kulifinya ndi zala. "Tatukulani mkono wamanzerewu."

"Chifukwa?"

"Tangotukulani, ndione msoko. Nanenso ndimaluka."

Vitus anatukula akuseka. Kukhwapa kuja kamzere kobiriwira kanaonekera poyera.

"Ndimadziwa ine," Consolata anatero, ndipo anatembenuka kuti onse amve. "Kobiriwira aka ndinalumikiza ndine, ndi zala zangazi, pamene ndinkaphunzira kuluka kwa masisitere. Ulusi uwu achimwene anga a Mackson anabwera nawo kuchokera ku Lusaka. Ndinawalukira juzi, iwo anakaipereka chikole kwa Zelifa. Aphunzitsi, thupi ndi lanu, koma manjawa ndi a achimwene anga."

Wina anaphulika kuseka n'kudzigwira pakamwa. Kenako anaseka ambiri.

"Ndiye mukamamupatsa moni Zelifa," iye anawonjezera, "muzidziwa kuti akumugwira dzanja ndi ndani."

Ndinasowa pobisa nkhope. Ndinkangoona mapazi a anthu. Amayi achikulire amene ankatuluka m'tchalitchi anaima, wina akufunsa mnzake kuti kwachitika chiyani, mnzakeyo akumufotokozera mosanong'ona.

Vitus anatsitsa mkono pang'onopang'ono. Sanayang'ane Consolata, anayang'ana ine.

"Nambewe, n'zoona?"

Ndinagwedeza mutu.

"Sindinamve."

"N'zoona."

"Komanso ndisanaiwale," anatero Consolata akukonza mpango wake, "achimwene afika dzana ndi lole. Akuti Lachitatu abwera kwa a Jonasi kudzaona chikole chawo."

Vitus sanavule juzi ija pamaso pa anthu, ndipo mpaka lero ndimamuthokoza chifukwa cha chimenecho. Anatenga njinga yake n'kuikankha wapansi, osatsanzika aliyense. Anakakwera atapitirira pokhota.

*

Lolemba Tabeth anabwera ndi kapepala kong'ambidwa m'kope, kopindidwa kanayi.

"Andipatsa pamsewu," anatero. "Sanafunse n'komwe kuti uli bwanji."

Munali mizere iwiri yokha. "Nambewe, ulusi sunandipweteke. Chandipweteka n'chakuti ndinakufunsani ndi pakamwa panga, inu n'kundiyankha mukundiyang'ana m'maso."

"Umuyankha?" Tabeth anafunsa.

"Ndinene chiyani?"

"Unene kuti unachita chifukwa chomukonda."

"Kumasula juzi ndinachita chifukwa chomukonda. Nanga bodza la mu Epulo?"

"Nalonso."

"Ayi, Tabeth. Lija linali mantha basi. Ndinkaopa Consolata kuposa mmene ndinkamulemekezera Vitus."

Ndinalemba makalata atatu tsiku limenelo, onse anathera pamoto. Kumjigo sindinapite, madzi anakatunga amayi. Atabwerako anatula ndowa nkhope ili yakugwa, ndipo ndinadziwa kuti nawonso akamva zawo kumeneko.

*

Lachitatu m'mawa, mphepo ikuwomba, tinakhala pakhonde la atsibweni a Jonasi. Iwo anali pampando, amayi ndi ine pamphasa. Mackson anafika ndi amalume ake ndi Consolata. Anali atanenepa, nsapato zazitali zidendene, chikwama chachikopa paphewa, tsitsi lometa kumene poti lalitali sakanalowa nalo m'dziko. Chichewa chake chinali chitasanduka cha kutsidya kwa malire.

"Muli bwanji, ba Zelifa? Mwaniiwala?"

Ndinayankha moni ndikuyang'ana mphasa.

Atsibweni si munthu wokalipa, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri. Anafunsa motsitsa mawu.

"Zelifa, unandiuza kuti chikole unakasiya kwa azakhali ake a mnyamatayu. Unakasiya kwa azakhali ati?"

"Sindinakasiye, atsibweni."

"Ndiye unandinamiza ine, n'kunamizanso mwana wa eni uja?"

"Eya."

"Katenge chimene chilipo."

Ndinakalowa m'nyumba mwathu n'kutuluka ndi mbale. Munali mkombero wa khosi ndi tizidutswa todyeka ndi njenjete. Ndinagwada n'kuiika pakati. Consolata anaseka chamumphuno, amalume a Mackson anapukusa mutu.

"Ife tinapereka juzi," anatero amalumewo. "Izi ndi zinyalala."

"Mwana wanunso anakhala zaka ziwiri osalemba kalata," amayi analowererapo. "Mtsikana adikire mpaka imvi?"

"Akanabweza, mayi. Njira inali yotseka?"

Amayi anazyolika. Manyazi anga anali atawagwera iwonso.

Ndipamene tinamva kulira kwa tcheni cha njinga. Vitus anaimika njinga pamtengo wa mango, anagwada kupereka moni kwa akuluakulu, kenako anamasula kamtolo pakaliyala. Anali atavala juzi ija, koma yopanda manja. Mikono yake yaitali ija inali pamtunda, malaya a manja aafupi okha, tsemwe lili mbuu.

Anatambasula pepala pamphasa. Munali manja awiri ofiira, opindidwa bwinobwino.

"Ndamasula msoko wokha," anatero. "Ulusi sindinadule ngakhale pamodzi. Za eni ndabweza. Chotsalachi anandilukira ine."

Sanandiyang'ane. Koma mawu omalizawo anandipatsa kachiyembekezo, ndipo atsibweni nawonso anaona ngati njira yapezeka.

"Mwachita zaulemu, aphunzitsi," anatero. Kenako anatembenukira kwa alendo. "Ulusi ndi uwu. Mwanayu walakwa, sitikukana. Amasule manjawa, alukenso juzi, pamene paperewere tiwonjezera. Ikatha tidzabwera nayo tokha kwanu, ine ndi mayi ake, ndi nkhuku yopepesera. Nkhani ithere pamenepo."

Amalume a Mackson anayamba kugwedeza mutu movomera. Koma Mackson anatola dzanja limodzi n'kuliyerekeza pamkono pake. Linapitirira zala zake n'kulendewera. Palibe anaseka. Anatola linalo, anapinda onse awiri, n'kuwalowetsa m'chikwama chake chachikopa.

"Ndiye kuti mwalandira?" atsibweni anafunsa.

"Iyayi, ba Jonasi. Sinilandira chikole, nisunga umboni."

"Umboni wa chiyani? Mwanayu wavomera kale."

"Imwe muganiza ninabwerera juzi? Majuzi ku Kitwe ni mbwee. Ine ninabwerera mkazi." Anatseka chikwama. "Mawa lole inyamuka, nizabwera pa Khirisimasi. Nikabwera nipeze juzi yanga mwamene inalili, ulusi wake omwewo, kapena nipeze mkazi wanga."

"Nanga aluka ndi chiyani, ulusi mwautenga?"

"Wamene anamasula ndiye aziba."

Anaimirira, anatsanzika mwaulemu ngati munthu amene sanachite kanthu, n'kumapita. Consolata anatsalira pang'ono kuti aone nkhope yanga bwinobwino, kenako anawatsatira.

Atsibweni anakankhira mbale ija pambali.

"Aphunzitsi," anatero, "mwaona nokha. Chikole chisanabwezedwe sindingalandire mlendo wina pakhomo pano. Alembereni atsibweni anu asabwere."

"Kalata yopita kwathu imatenga sabata," Vitus anayankha. "Iwo anyamuka mkuja, agona ku Lilongwe, Loweruka afika. Akubwera ndi azakhali anga awiri."

*

Ndinamuthamangira mpaka panjira, osasamala kuti ndani akuona.

"A Vitus, taimani."

Anaima, koma sanatsike panjinga, anangoponda phazi limodzi pansi.

"Ndinalakwa. Ndilibe chodzitetezera."

"Ndamva."

"Thupi la juziyo simunabweze."

"Silinalakwe kanthu."

"Ndiye mundidikira? Mpaka Khirisimasi? Ulusi ndiufunafuna, ngakhale ku Chipata ndikafika."

Anayang'ana mikono yake, kenako njira.

"Ndikanakhala kuti ndikudziwa, bwenzi nditakuyankhani, Nambewe. Ine sindikufuna kukuuzani chinthu chimene sindikutsimikiza."

Mawu amenewo anandilasa kuposa onse a Consolata, chifukwa sanawanene mokalipa.

"Nanga atsibweni anu mukawauza chiyani?"

"Palibe. Ndinawalembera makalata atatu okutamandani, pakamwa panga sipangathe kuwamasula. Ndikawachingamira pa basi, ndidzawaperekeza mpaka pakhomo panu. Zotsalazo mudzawauze nokha."

Anapalasa njinga n'kumapita, mphepo yonse ija mikono ili pamtunda.

Nditabwerera ndinapeza atsibweni atalowa m'nyumba, chitseko chili chotseka. Amayi anali akupinda mphasa, maso ali ofiira.

"Atsibweni ako akuti Loweruka alawirira ku Mlonyeni kukaona matenda," anatero osandiyang'ana. "Akuti nkhope yoonetsa anthu a ku Kasungu alibe. Ine ndidzaphika, koma sindidzatuluka m'khitchini. Alendowo udzawalandira wekha, Zelifa."